Kuchotsa choimikira pa chithunzi cha chidole osasiya chizindikiro

Chidole cha Barbie sichiima chokha. Mapazi ake anaumbidwa choimira zala kuti alowe mu nsapato za gogoda, ndiye thupi lonse la masentimita pafupifupi 29 limadalira kamalo kochepetsetsa. Blythe ndi Pullip, mitundu ina ya zidole, ali ndi vuto lina, mutu ndi waukulu kuposa mmene thupi lingaunyamulire, kamphepo pang'ono kangowomba agwa. Zidole za resin zomangidwa ndi lasitiki mkati, zija amati BJD, zimatha kuima zokha lasitikiyo akakhala wokungika bwino, komabe palibe amene angafune kuimika chidole cha masentimita 60 pa simenti popanda chochigwira. Chikagwa chafufumimba mphuno imabenthuka, zala zimathyoka, utoto wa kumaso umakalika. N'chifukwa chake choimikira chimakhalapo pojambula, ndipo timadzachichotsa pa kompyuta kapena pa foni.

Kufufuta ndodo yeniyeniyo sikutenga nthawi. Chimene chimaulula kuti chithunzi chakonzedwa ndi zimene ndodoyo inasiya: mapazi oyandama pamwamba pa nthaka, mthunzi woduka pakati, diresi lofinyika m'chiuno pomwe chofinyacho sichikuoneka. Zambiri mwa izi zimakonzedwa kamera isanalire, ndipo amene wajambula mosaganizira zimenezi amadzathera ola lathunthu pa ntchito ya mphindi khumi.

Zoimikira zimasiyana, chilichonse ndi vuto lake. Chofala kwambiri ndi cha waya wopindika ngati chilembo C wogwira m'chiuno, ndodo ili kumbuyo. Ndodoyo imabisikako kuseri kwa miyendo, koma nsonga ziwiri za waya zimatulukira pamimba penipeni n'kukwinya nsalu. Ngati chovala chikulola, lowetsani wayayo mkati mwa malaya agwire thupi lenilenilo. Mukatero theka la ntchito latha kale. China ndi cha chishalo, chooneka ngati U, chimene chidole chimakhalira pakati pa miyendo. N'chabwino pa zidole zikuluzikulu ndipo sichikhudza chiuno, kungoti ndodo yake imaonekera pa mpata wa miyendo, ndipo thalauza likakhala lothina U uja amakankhira nsalu m'mwamba. Siketi yaitali imabisa zonse kupatula tsinde, gawo lapansi limene choimikira chimakhalirapo. Tizidole ta figma ndi Nendoroid timabwera ndi mkono wa pulasitiki yoonekera, wa mfundo zingapo, wolowa pa kabowo ka kumsana.

Pulasitiki yoonekerayi isakunyengeni. Siibisika ayi. Imapinda kuwala, kotero zimene zili kumbuyo kwake zimaoneka zokhota, m'mphepete mwake mumakhala mizere yowala, ndipo mthunzi wake umakhala ndi kachigawo koyera mkati. Ndodo yakuda yosanyezimira ndi yosavuta kuchotsa kuposa iyi, chifukwa mumaona bwinobwino pamene yayambira ndi pamene yathera.

Musanajambule, zungulizani choimikiracho mukuyang'ana mu kamera. Ndodo ibisike yonse kuseri kwa mwendo umodzi, apo ayi ikhale payokha pomwe kumbuyo kwake kuli khoma kapena udzu basi. Malo oipitsitsa ndi pamene ndodo ikutsata m'mphepete mwa mwendo, mwa tsitsi kapena mwa nsalu ya lesi, theka kuoneka theka kubisika, chifukwa pamenepo mudzayenera kujambula m'mphepetemo ndi dzanja.

Jambulani malo opanda chidole

Njira yodalirika ndi kujambula kawiri kamera ili pamalo amodzi: koyamba chidole chili pa choimikira, kachiwiri mutachotsa zonse kutsala malo okha. Pokonza mumasanjika zithunzi ziwirizi, n'kuboola cha pamwamba pamene pali ndodo kuti malo enieni a pansi aonekere. Palibe cholota, palibe chopeka. Tsamba lililonse la udzu ndi mzere uliwonse wa thabwa zimakhala zenizeni.

Kuti zitheke, pakati pa zithunzi ziwirizi pasasinthe chilichonse. Kamera ikhale pa tripod, choimikira chake cha miyendo itatu, yomangidwa zolimba, ndipo musaikhudze: gwiritsani ntchito rimoti kapena taima ya masekondi 2. Ikani kamera pa M, pamene mumasankha zonse nokha. ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ikhale yokhazikika, tinene 100 mpaka 400, Auto ISO muzimitse. Mukaisiya pa Auto kamera imayezanso kuwala chidole chikachoka, ndipo ngati chinavala zoyera, chithunzi chachiwiri chimatuluka chowala mosiyana. White balance, imene imalinganiza mtundu wa kuwala, nayonso muikhazike, pa Daylight kapena pa nambala ya Kelvin, m'malo moisiya pa Auto. Chozimitsa kugwedezeka cha mu lenzi chizimitsidwe mukakhala pa tripod, chifukwa nthawi zina chimasuntha chithunzi pang'ono chokha.

Chimene ambiri amaiwala ndi fokasi. Lozetsani pa diso la chidole, kenako sinthani lenzi ikhale pa MF, kutanthauza fokasi ya pamanja, ndipo isasinthenso mpaka mutamaliza. Mukachotsa chidole fokasi ili pa AF, pamene kamera imalozetsa yokha, imathamangira ku khoma la kumbuyo. Zotsatira zake, pamene panali ndodo pamaoneka kachigamba kakuthwa pakati pa chimbuuzi, ndiponso malenzi ambiri akasintha fokasi amakulitsa kapena kuchepetsa chithunzi pang'ono, moti zithunzi ziwirizo sizigwirizananso ngakhale muzisunthe bwanji. Chithunzi cha malo okha chiyenera kuoneka ngati cholakwika, chachimbuuzi pafupifupi ponseponse. Chikatero ndiye kuti chili bwino.

Pali chithunzi chachitatu chimene chimapulumutsa anthu ambiri ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri. Chotsani choimikira, wina agwire chidolecho ndi zala ziwiri pamutu kapena pamapewa, mapazi ali pansi pomwe anali aja, inu mujambule. Dzanja liphimba mutu, koma mutuwo muli nawo kale pa chithunzi choyamba. Chimene mukufuna apa ndi chiuno chopanda waya, mpata wa miyendo, mapazi ogundadi pansi ndi mthunzi weniweni wa miyendo. Wogwirayo aimire mbali yoti mthunzi wa mkono wake usagwere pafupi ndi mapazi, ndipo musanachotse choimikira ikani kachizindikiro pamene pali chidendene, kamwala kapena kapini, kuti mubwezere chidole pomwepo.

Panja fulumirani. Dzuwa limasuntha madigiri 15 pa ola, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse, ndipo mithunzi italiitali ya kumadzulo imaonetsa kusunthaku msanga. Mtambo umasintha kuwala m'masekondi ochepa. Zithunzi zonse zitatu zithe m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Pochotsa chidole musaponde udzu umene uli mu chithunzi, ndipo pojambula muziima pamalo amodzimodzi, chifukwa malaya anu ofiira amatha kuponya kufiira kwake pa nthaka yoyera inu osadziwa.

Kusanjika ndi kuboola

Ngati mwajambula RAW, mtundu wa fayilo imene kamera sinaikonze, konzani chithunzi choyamba mmene mukufunira, kenako kopelani makonzedwe omwewo ku zinazo, kuphatikizapo kuwongola kwa lenzi. Musadule m'mbali panopa, zimenezo ndi za kumapeto. Mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, pitani ku File, Scripts, Load Files into Stack, ndipo mutha kuchonga kabokosi koti izigwirizanitse yokha. Mu GIMP, imene ndi yaulere, ndi File kenako Open as Layers. Photopea imagwira ntchito mu browser ndipo mabatani ake ambiri ndi ofanana ndi a Photoshop.

Malo okha akhale pansi, chithunzi chogwiridwa ndi dzanja pakati, cha choimikira pamwamba. Kuti muone ngati zagwirizana, sinthani layer ya pamwamba (chithunzi chilichonse chosanjikidwa chimatchedwa layer) ikhale pa Difference. Pamene zithunzi zili zofanana pamada bii, pamene zasemphana pamaoneka timizere towala m'mphepete mwa zinthu. Sunthani ndi mivi ya pa kiyibodi, pixel imodzi nthawi imodzi, mpaka nthaka ya pafupi ndi mapazi ide. Za masamba a mitengo ya kumbuyo musavutike nazo, mphepo siingalole kuti agwirizane. Mukatha bwezerani pa Normal.

Tsopano ikani layer mask yoyera pa layer ya pamwamba, chida chobisira mbali za chithunzi osazifufuta, mutenge burashi yakuda. Pamene mwapaka chakuda pamaboola, pamene mwapaka choyera pamabwerera, ndipo batani la X limasinthanitsa mitundu iwiriyi. Eraser musaigwire n'komwe, chifukwa zimene yafufuta sizibwerera mukasunga n'kutseka. Kutali ndi chidole burashi ikhale yofewa, hardness (kuuma kwake) ya 0 mpaka 30 peresenti, yokulirapo pang'ono kuposa ndodo. Mukayandikira mwendo kapena nsalu, kulitsani chithunzi kufika 200 kapena 300 peresenti, chepetsani burashi, hardness ikwere kufika cha m'ma 70 mpaka 90. Kuuma kwa burashi kuzitsata kuthwa kwa m'mphepete mwa chinthucho: nsapato imene ili mu fokasi ifuna burashi youma, mpendero wa siketi umene uli m'chimbuuzi ufuna yofewa. Pa malo owongoka dinani poyambira, gwirani Shift, dinani pothera, mzere utuluka wowongoka wopanda kunjenjemera kwa dzanja.

Boolani pamene pali choimikira pokha. Anthu ena amadula chidole chonse n'kuchimata pa chithunzi cha malo okha. Apo mwadzipatsa ntchito yodula tsitsi limodzilimodzi pachabe, ndipo mwataya mthunzi weniweni pamodzi ndi kuwala kumene nthaka ndi chidole zinkabwezerana.

Nthawi zambiri chigambacho chimaoneka chowalirapo pang'ono kuposa pozungulira. Si kuti mwalakwitsa. Chidole chinkatchinga kuwala kwina, ndiye nthaka ya pafupi nacho inali yoderapo. Ikani Curves, chida chosinthira kuwala ndi mdima pokoka mzere, yomangirira ku layer ya malo okha, mu Photoshop ndi Ctrl, Alt ndi G, mutsitse pakati pa mzere pang'onopang'ono mpaka malire asowe. Maso amatopa n'kuyamba kuvomera zilizonse, choncho onani manambala a mitundu, a RGB, mbali zonse ziwiri za malirewo. Pa pepala kapena khoma losalala, kusiyana kwa manambala atatu kapena anayi mwa 255 kumayamba kale kuoneka. Pa udzu ndi mchenga kumabisika.

Mapazi ndi mthunzi

Apa ndi pamene zithunzi zambiri zimafera. Tsinde la choimikira lili ndi kunenepa kwake, ndipo chidole chikaima pamwamba pake chakwera. Mamilimita 5 amamveka ochepa, koma pa chidole cha sikelo ya 1/6 ndi ofanana ndi munthu woyandama masentimita 3 pamwamba pa msewu. Woona sanganene chimene chalakwika, amangomva kuti chidolecho chamatidwa.

Konzani zimenezi pamalo pojambulira. Pa mchenga kapena dothi, kwirirani tsinde mpaka lifanane ndi nthaka. Pa kapinga, lichotseni n'kuzika ndodo yokhayo pansi. M'nyumba, boolani kabowo pa katoni yolimba kapena pa foam board imene ikhale pansi pa chithunzi chanu, tsinde likhale kunsi, ndodo yokha itulukire pamwamba. Zikakanika zonsezi, tembenuzani tsinde lipite kumbuyo kuti mapazi aponde pansi penipeni kutsogolo kwake. Kutsitsa chidole chonse pa kompyuta n'kotheka, koma mthunzi ndi zonse zimene chinaphimba zimayenera kukonzedwanso, ndipo kawirikawiri zimaonekabe.

Pansi pa nsapato iliyonse yoponda pamakhala kamthunzi kakuda kowonda, pamene kuwala sikulowa. Kameneka ndi kamene kamauza diso kuti phazi lagunda pansi, ndipo kamakhalapo ngakhale kunja kuli mitambo. Ngati mulibe chithunzi chogwiridwa ndi dzanja, mukajambula nokha. Tsegulani layer yatsopano, muiike pa Multiply, imene imadetsa zimene zili pansi pake. Mtundu musatenge wakuda weniweni, tolani pa mthunzi wina umene uli kale mu chithunzimo, chifukwa mithunzi ya panja imakhala yobiriwira ngati thambo pang'ono, ya pa thabwa yofiirira. Ndi burashi yaing'ono, flow (kuchuluka kwa utoto wotuluka) ya 5 mpaka 10 peresenti, tsatani kunsi kwa soli ndi mzere woonda, wakuda kwambiri pogundira penipeni. Pa layer ina pakani mthunzi wotakata, wofewa, wozungulira phazi, opacity (mphamvu ya kuoneka kwake) ya 20 kapena 30 peresenti. Pa nsapato ya gogoda pogundira ndi pawiri pokha, kunsonga ya chidendene ndi ku zala. Pakati pamadutsa kuwala, ndiye mukapadetsa ponse nsapatoyo ioneka ngati yamira.

Pa udzu, phazi silikhala pamwamba pa masamba onse. Masamba ena amaphimba kutsogolo kwa nsapato. Bwererani ku mask ndi burashi youma ya pixel imodzi mpaka zitatu, muboole timizere tingapo pa nsapato kuti masamba a pa chithunzi cha pansi adutse kutsogolo. Asanu kapena asanu ndi limodzi akwana.

Kenako yang'anani mthunzi wautali. Ndodo ili ndi wake, tsinde lili ndi wake, ndipo yonse imasakanikirana ndi wa miyendo. Mukachotsa ndodo n'kuiwala mthunzi wake, pansi pamatsala munthu wa miyendo itatu. Boolani mthunzi wa ndodo ndi mask yomweyo, muonetsetse kuti pakati pa mithunzi ya miyendo iwiri pali mpata wowala wolingana ndi mmene miyendoyo yatakasukira. Mthunzi wa mwendo uliwonse uyambire pa phazi penipeni, osasiya mpata. Pamene tsinde linaudula muulumikize nokha, mukukumbukira kuti mthunzi umakhala wakuthwa pafupi ndi phazi n'kumafewa ukamatalikira. Njira imene ukulowera muione pa zinthu zina za mu chithunzi, kamwala kapena mwendo wa kampando.

Ndodo imasiyanso zizindikiro pa chidole chenichenicho. Kuwala kukachokera kumbuyo, siketi yopyapyala imaonetsa mzere wakuda wa ndodo mkati mwake. Ndodo yachitsulo chonyezimira imaponya kamzere kowala kuseri kwa mwendo. Ndipo pamene pali matailosi osalala, tebulo lopolishidwa, madzi kapena galasi, choimikira chimaoneka kawiri.

Pali chinthu chimodzi chimene burashi siingakonze: chidole chotsamira. Choimikira chimalola chidole kupendekera chammbuyo, ndipo pojambula simuona chifukwa ndodo ikufotokoza chifukwa chake sichikugwa. Ndodo ikachoka chimaoneka ngati chikugwa chagada. Yatsani mizere ya grid mu kamera. Mzere woongoka wochokera pakhosi utsikire pakati pa mapazi awiri, kapena pa phazi limene lanyamula thupi. Imikani chidole ngati kuti chiima chokha, choimikira chingokhala chochilonda.

Chiuno ndi tsitsi

Waya wa m'chiuno akakhala kunja kwa chovala, kumbuyo kwake kulibe malo oti aonekere, kuli nsalu. Ngati muli ndi chithunzi chogwiridwa ndi dzanja, boolani kuti chiuno cha pamenepo chionekere, mwina mutachisuntha pang'ono kuti mabatani ndi misoko zikumane. Ngati mulibe, pa nsalu ya mtundu umodzi Clone Stamp, chida chokopera gawo la chithunzi n'kulipaka pena, ikwanira: tengani nsalu ya pamwamba kapena pansi pa wayayo, motsata mmene makwinya akuyendera. Nsalu ya mizere kapena ya mabokosi imafuna kudekha. Ikani potengera pa mphambano ya mizere iwiri, poyambira kupaka pakhalenso pa mphambano, kuti mizere ikumane. Ena amakopa mbali ina ya diresi n'kuitembenuza. Zimatheka, koma kuwala kumatembenukanso, ndiye mbali imene inayenera kukhala mu mthunzi imawala. Muidetse ndi Curves.

Kufinyika kwa m'mbali mwa chiuno kumawongoledwa ndi Liquify, kapena Warp Transform mu GIMP, zida zokankhira mbali za chithunzi. Burashi ikhale yaikulu kuposa chopindikacho, mukankhe pang'onopang'ono. Chitani izi pa chidole chimene mwachipatula pa layer yake, apo ayi mizere ya khoma la kumbuyo ipindika nayo limodzi.

Tsitsi likadutsa pa ndodo, musayese kupulumutsa lililonse. Boolani ndodo pamodzi ndi titsitsi touluka, kenako pa layer yatsopano jambulani ena ochepa ndi burashi ya pixel imodzi kapena ziwiri, mitundu iwiri kapena itatu yotola pa tsitsi lomwelo. Tsitsi la chidole, la nayiloni kapena saran, ndi lonenepa komanso lonyezimira poyerekeza ndi kukula kwa mutu wake, choncho timizere tanu tisakhale toonda ngati ta munthu. Tipatseni chimbuuzi pang'ono, Gaussian Blur ya 0.3 mpaka 0.5, kuti tisathwe kuposa anzawo. Chosavuta koposa ndi kupesera tsitsi kutsogolo kwa phewa musanajambule.

Mukakhala ndi chithunzi chimodzi chokha

Zimachitika. Apa muyenera kupanga zimene kamera sinaone. Gwirani ntchito pa layer yopanda kanthu, Clone Stamp ili pa Current & Below, kapena Sample merged mu GIMP. Potengera mumasankha ndi Alt mu Photoshop, ndi Ctrl mu GIMP.

Pa nthaka tengani kumanzere kapena kumanja kwa ndodo, osati pamwamba kapena pansi pake. Chifukwa chake ndi fokasi. Pojambula zinthu zazing'ono pafupi, gawo lakuthwa ndi lochepa kwambiri: lenzi ya 50mm pa f/2.8, kamera ya full frame ili masentimita 60 kuchokera pa chidole, imapereka masentimita ongopitirira awiri pang'ono, ndipo pa f/8 amangopitirira 6 pang'ono. Nthaka ya pamwamba pang'ono mu chithunzi ili kutali, chimbuuzi chake ndi china, kukula kwa timiyala n'kwina. Muzisintha potengera pafupipafupi. Kamwala kamodzi kakaoneka katatu mondondozana, aliyense azindikira.

Healing Brush, chida china chophimbira mabanga, imasakaniza mitundu yozungulira, n'chifukwa chake ikayandikira mwendo kapena diresi imakoka mtunduwo n'kuupaka ngati utsi pa khoma. Sankhani chidole kaye ndi Pen kapena Select Subject, tembenuzani chosankhacho ndi Ctrl, Shift ndi I, mugwire m'mphepete ndi Clone Stamp. Healing ibwere pomaliza, kusalaza malire kutali ndi chidole.

Content-Aware Fill, imene imadzaza yokha malo amene mwasankha ndipo inabwera mu Photoshop CS5 mu 2010, imachita bwino pa udzu, mchenga ndi chimbuuzi. Kulitsani chosankha ndi ma pixel atatu mpaka asanu kuti kuwala kwa m'mphepete mwa ndodo kulowe mkati, ndipo pa gawo lobiriwira losonyeza potengera fufutanipo chidole, apo ayi mupeza kachidutswa ka nsapato kali pa khoma. Mu GIMP ntchito yofanana imachitidwa ndi Resynthesizer, imene mumaiika padera. Generative Fill ya 2023 ndi zinzake za AI zimafulumira, koma pa chidole penipeni sitizikhulupirira. Zinaphunzira kwambiri pa zithunzi za anthu, ndiye zimakonda kusandutsa bondo la mfundo kukhala bondo la munthu, kusalaza msoko wa pulasitiki, kupeka maluwa a lesi amene kulibe. Zisiyireni khoma ndi nthaka, ndipo musankhe kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, chifukwa pa gawo lalikulu zimatulutsa chigamba chofewa kuposa chithunzi chanu.

Pa foni

Njira ya zithunzi ziwiri imathekanso. Foni ikhale pa chogwirira cholimba. Pa iPhone gwirani chala pa nkhope ya chidole mpaka palembedwe AE/AF Lock, pa Android gwiritsani ntchito Pro ngati ilipo. Portrait muzimitse, chifukwa chimbuuzi chake ndi chopanga: chimadya theka la ndodo n'kusiya theka, ndipo chidole chikachoka sichidziwanso choti chisiye chakuthwa. Jambulani ndi taima. Mu Snapseed, pulogalamu ya pa foni yokonzera zithunzi, tsegulani chithunzi cha chidole, sankhani Double Exposure, onjezani cha malo okha, opacity ifike kumapeto, muvomere. Kenako pitani ku View edits, dinani Double Exposure, sankhani kaburashi, mupake pa 100 pamene pali choimikira pokha. Kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri kuti burashi ichepe. Healing ya mu Snapseed imathandiza pa tizidutswa totsala ngati mukudina pang'onopang'ono, koma mukakoka mzere wautali imabwereza zinthu. Musakonze chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, chimakhala chitafinyidwa kale. Chitumizeni ngati Document.

Chidole chodumpha kapena chouluka chimatsata njira yomweyi, kungoti mthunzi sugunda mapazi, umakhala pansi patali pang'ono ndipo ndi wofewa. Mukachipachika ndi ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba, mangani pa thupi mkati mwa zovala. Ukamangidwa pa nsalu umakoka kansonga kosongoka kamene kamatsala ulusi utachoka.

Kwa ogulitsa zidole, ndi bwino kusiya chithunzi chimodzi chosakonzedwa, kapena kulemba kuti choimikira chachotsedwa. Wogula BJD amayang'ana ngati chidole chimaima chokha kuti adziwe mmene lasitiki alili, ndipo pamene mwapaka chiuno mwina mwabisanso banga limene anayenera kuliona.

Musanatulutse chithunzi, chiyeseni mwankhanza. Ikani Curves pamwamba pa zonse, muikoke mopitirira muyezo kuti kusiyana kwa kuwala ndi mdima kukule kwambiri. Zigamba, malire a mask ndi mabala a Healing zimatulukira poyera. Konzani, kenako muzimitse layer imeneyo. Tembenuzani chithunzi kumanzere kupite kumanja, diso limaona mwatsopano kupendekera kumene linazolowera. Mutakulitsa chithunzi kufika 100 peresenti onani timadontho ta noise: chilichonse chimene mwajambula ndi burashi kapena chimene AI yapanga chimakhala chosalala kuposa pozungulira. Pa layer zimenezo zokha onjezani Add Noise ya 1 kapena 2 peresenti, Gaussian, Monochromatic, mukuyerekeza ndi malo oyandikana nawo. Kenako chepetsani chithunzi chifanane ndi sikirini ya foni, muyang'ane mapazi okha.

Sungani fayilo ya ma layer onse, PSD ya Photoshop kapena XCF ya GIMP, ndipo JPEG ya sRGB muitulutse kuchokera pamenepo nthawi iliyonse, chifukwa JPEG ikasungidwa mobwerezabwereza imawonongeka m'mphepete mwa zinthu, momwe munagwiramo ntchito. Kudula m'mbali, kusintha mitundu ya chithunzi chonse ndi kuthwetsa chithunzi (sharpening) zibwere pomaliza, pamwamba pa zigamba zonse, kuti zakale ndi zatsopano zilandire chimodzimodzi. Ngati kumbuyo kuli kwakuda, chioneni pa foni kuwala kwa sikirini kuli pamwamba penipeni, chifukwa ndodo yakuda imene pa kompyuta inaoneka kuti yasowa nthawi zambiri imakhala ikadalipo.